Inchi kupita ku nanomita: wavelength ikamatuluka yachilendo, yang'anani apa kaye

Chaka chilichonse gulu latsopano likafika pa pulakatiko ya diffraction grating, kagalasi kokhala ndi mizere yambirimbiri yopyapyala kamene kamamwaza kuwala, nkhani imakhala yomweyomweyi. Anthu ayatsa nyale ya sodium yachikasu ija, adikira kuti itenthe, awerenga ma angle pa spectrometer, chipangizo choyezera ma angle a kuwala, mosamala ndithu mpaka maso kuwawa mumdima muja, koma pofika powerengetsa wavelength, utali wa funde la kuwalako, wina akupeza 58.9 nm, wina 5,893, wina 580, wina mpaka 1,691, pomwe yoyenera kutuluka ndi cha m'ma 589. Kenako mumamva akuti chipangizochi ndi chakale, nyaleyi yatha mphamvu, tipatseni china. Ine ndikuuzeni anzanga, nthawi zambiri chipangizocho chilibe mlandu. Vuto lagona pa kagalasi kaja kamene m'mphepete mwake analembamo kuti 15000 lines per inch, chifukwa kameneko kamakukakamizani kuchoka ku mainchi kupita ku ma nanomita, ndipo panjira imeneyi ndi pamene maziro amasowa kapena kuchita kuswana.

Tiyambe ndi nambala imene sisintha. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4 ndendende, osati pafupifupi ayi, anachita kugwirizana choncho mu 1959 mayiko a America, Britain, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa pamene anati yadi imodzi ikhale mamita 0.9144. Nanomita, mwachidule nm, ndi mita mutaigawa ka 1,000,000,000, ndiye kuti mu milimita imodzi muli ma nanomita 1,000,000. Mukataimusa 25.4 ndi 1,000,000 mupeza 25,400,000, kapena kuti 2.54 × 10^7. Basi, inchi imodzi ndi ma nanomita 25,400,000. Kuchoka ku inchi kupita ku nanomita mumataimusa ndi nambala imeneyi, pobwerera mumagawa nayo, ndipo nanomita imodzi imakhala pafupifupi 3.937 × 10^-8 ya inchi.

Tsono pa grating chimene tikufuna ndi d, kampata kochoka pa mzere wina kufika pa mzere unzake. Ngati mu inchi imodzi muli mizere 15,000, tengani inchiyo muigawe ndi chiwerengero cha mizere: 25,400,000 ÷ 15,000 = 1,693.3 nm. Imeneyo ndiye d yolowetsa mu d sin θ = nλ, pomwe θ ndi angle imene mwayeza, λ ndi wavelength, ndipo n ndi nambala ya mzere wowala umene mukuona mu spectrometer, woyamba kapena wachiwiri. Pa sodium mzere wowala woyamba, n = 1, umaoneka cha pa madigiri 20.37, sin yake ndi 0.348, mukataimusa ndi 1,693.3 mupeza 589.3 nm. Zikamayenda bwino zimatha mwachangu choncho. Zikakana, nambala yolakwika imene yatulukayo musafufute msanga, imeneyo ndi imene ikuuzeni pomwe mwaphonya, chifukwa kulakwitsa kulikonse kumasiya chizindikiro chakechake.

Ngati manambala ali omwewo koma kadontho kali pena

Mwapeza 5,893 kapena 58.9 kapena 58,930. Apa musabwerere ku spectrometer, kuyeza kwanu kunali bwino, nkhani ndi ya maziro. Chofala kwambiri ndi batani la EXP pa kalukuleta, pa ma Casio atsopanowa analemba ×10^x. Batani limeneli lanyamula kale "taimusi 10", ndiye munthu akadina 2.54, taimusi, 10, EXP, 7, kalukuleta imamva kuti 2.54 × 10 × 10^7 nkumupatsa 254,000,000, kuchulukira ka 10, ndipo wavelength yake imatuluka 5,893. Dinani 2.54, EXP, 7 basi, pakatipo pasakhale kanthu.

Koma musanadzigamule kuti mwalakwa onani kaye buku kapena pepala la malangizo limene mukutsatira, chifukwa mabuku akale a fizikisi amene adakali m'malaibulale mwathumu amalemba wavelength mu angstrom, kachilembo ka A kokhala ndi kabwalo pamwamba kaja. Angstrom imodzi ndi 0.1 nm, ndiye 5,893 mu angstrom ndi chimodzimodzi 589.3 nm. Ndaonapo anthu akukangana kwa nthawi yaitali wina ali pa 5,893 wina pa 589.3 onse ali olondola, chimene chinasowa ndi yuniti kumapeto kwa nambala.

Amene wapeza 58,930 anatenga 2.54 imene ili mu masentimita nkuitaimusa ndi 10^9 ngati kuti ili mu mamita. Nambala ya 10^9 ija timailoweza kwambiri mpaka dzanja limangoilemba lokha. Koma imagwira ntchito pa mita yokha. Sentimita ndi 10^7 nm, milimita ndi 10^6 nm, micrometer ndi 1,000 nm. Ngati mumasokonezeka pitani pang'onopang'ono, inchi kupita ku mita kaye, 0.0254, kenako mutaimuse ndi 10^9, mzere uliwonse mulembe yuniti yake. Zimaoneka ngati kutaya nthawi koma pepala lotere ndi limene mnzanu angaliwerenge nkuloza chala kuti mwaphonya apa.

Palinso ena amene amatembenuza zinthu, m'malo mogawa amataimusa 15,000 ndi 25,400,000 nkupeza 3.81 × 10^11 nm. Imeneyo ndi mamita 381, pa kagalasi kokwana m'manja, ndiye nambala yotere ikangotuluka mudziwiretu kuti mwataimusa pofunika kugawa. Lines per inch si utali, ndi chiwerengero cha mizere mu utali wina wake, ndiye chikakula d imachepa.

Ndi pobwerera, kuchoka ku nanomita kupita ku inchi, samalani mabulaketi. Mukalemba 1 ÷ 2.54 × 10^7 mochita kudina 10 ndi batani la mphamvu, kalukuleta imagawa kaye 1 ndi 2.54 kenako nkutaimusa, ndiye mupeza 3,937,008 m'malo mwa 3.937 × 10^-8. Ikani 2.54 × 10^7 yonse m'mabulaketi kapena gwiritsani EXP.

Ngati ansala yayandikira koma siikufika, ngati 580

Ili ndi limene limandidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa 58,930 aliyense amaona kuti china chake chavuta, koma 580 imaoneka yabwinobwino, ili mu chikasu momwemo, munthu amangolemba mu lipoti kuti kusiyanaku ndi experimental error nkupereka. Chonsecho sikulakwitsa koyeza ayi, ndi kudula nambala. Tinazolowera kunena kuti inchi ndi masentimita awiri ndi hafu, kwa telala kapena pogula misomali ku hadiweya zimenezo zilibe vuto, koma 2.5 m'malo mwa 2.54 ndi kuchepetsa ndi 1.6 peresenti, d imakhala 1,666.7 nm ndipo sodium imatsika kufika pa 580. Ndipo onani kuopsa kwake, nyale ya mercury ili ndi mizere iwiri yachikasu pa 577 ndi 579 nm, ndiye akakupatsani nyale yosalembedwa dzina kuti muitulukire, kudula kakang'ono kameneka kangakuchititseni kutchula mercury chinthu chili sodium.

580 yomweyi imabweranso kudzera njira ina. M'kabati mwa labu mumakhala ma grating amitundu iwiri ofanana maonekedwe, ena olembedwa 600 lines/mm ena 15000 lines per inch, ndiye anthu amawatenga ngati amodzi. Si amodzi. Wa 600 pa milimita ali ndi mizere 15,240 pa inchi, pomwe wa 15,000 pa inchi ali ndi mizere pafupifupi 590.6 pa milimita. Pepala la malangizo likhoza kunena wina, m'manja mwanu muli wina, ndiye tulutsani kagalasiko mupite nako powala muwerenge zimene zalembedwapo, muzigwira m'mphepete osati pagalasi penipenipo chifukwa mafuta a m'zala amaononga ndipo kupukuta kumakanda mizere.

Pali manambala ena atatu amene anthu amanamizira mainchi pomwe mainchiwo anasinthidwa bwino. Mukapeza 585, mwina vernier, kasikelo kowerengera angle pa spectrometer, inawerenga madigiri 20 ndi maminitsi 22 inu nkulemba 20.22 mu kalukuleta, pomwe maminitsi amagawidwa ndi 60 ndipo zimayenera kukhala 20.37. Mukapeza cha m'ma 1,105 ndiye kuti munayeza kumanzere ndi kumanja nkuiwala kugawa ndi 2. Mukapeza cha m'ma 1,691 kalukuleta ili mu radian, onani kachilembo kakang'ono pamwamba pa sikirini ngati kali R kapena D, pafunika D ya madigiri. Excel nayo SIN yake imayembekezera ma radian nthawi zonse, ndiye muzilemba SIN ya RADIANS ya angle yanu. Ndipo kalukuleta ikakulemberani Math ERROR mukufuna mzere wachitatu, n = 3, musadandaule, pa grating imeneyi ndi sodium wachiwiri ali cha pa madigiri 44.1 koma wachitatu kulibe, sin yake ikanafunika kupitirira 1.

Zimene Excel ndi foni zimachita

Ambiri tsopano sakugwiranso kalukuleta, akungolemba pa foni. Palibe cholakwa, koma zilembo ziwiri za nm zili ndi eni ake ambiri. Pali nautical mile ya apanyanja ndi oyendetsa ndege imene ndi mamita 1,852, palinso newton metre ya amakaniko pomanga mabauti. Ndiye mukaona inchi yanu yasanduka kanambala kakang'ono kokhala ndi maziro kutsogolo, ngati 0.0000137, dziwani kuti yapita kunyanja. Lembani mawu onse kuti nanometre osafupikitsa.

Mu Excel muli fomula ya CONVERT, mumaipatsa nambala, kenako "in", kenako "nm", imakubwezerani 25400000. Zilembozo zikhale zazing'ono monga ndalemberamu chifukwa imasiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono, mukasokoneza ikupatsani #N/A. Ikalemba 2.54E+07 sinalakwe, ndi 2.54 × 10^7 yomwe ija, ikalemba ##### ndiye kuti kolamu yachepa ingoikokani ikule. Chimene chimavuta zedi ndi koma ndi kadontho. Ife kuno timalemba 25.4 ndipo koma timaika pa masauzande, pomwe ku Mozambique ndi ku South Africa desimo amalemba ndi koma, 25,4. Laputopu yogula ku Joni imene sinasinthidwe ma setting ikhoza kuwerenga 25.4 yanu ngati mawu osati nambala, kapena mnzanu wa ku Tete akakutumizirani 25,400 mwina akunena 25.4 pomwe inu mukuwerenga masauzande 25 ndi 400. Nambala ikakhala kumanzere kwa kabokosi mu Excel m'malo mwa kumanja, nthawi zambiri ndiye kuti ikutengedwa ngati mawu. Pogawana ma data ndi bwino kungolemba 2.54E7 nkufunsana kaye kuti desimo yanu ndi iti.

Mil, thou ndi microinch

Kunja kwa grating, amene amagwira ntchito ndi mapepala a katundu wochokera ku America amakumana ndi mil. Mmisiri wa kwathu kuno akati chitsulo cha 10 mil akunena mamilimita 10, ndi mmene timayankhulira ku shopu. Koma pa pepala la ku America mil ndi inchi kuigawa ka 1,000, a ku Britain amati thou, ndipo ndi 25,400 nm kapena kuti ma micrometer 25.4. Ndiye pulasitiki kapena penti yolembedwa kuti 2 mil kukhuthala kwake ndi 50,800 nm, osati 2,000,000 nm, kusiyana pafupifupi ka 40. Mukaona mil funsani kuti pepalalo lachokera kuti musanawerengetse chilichonse.

Microinch ndiyosavuta ndipo ndimaikonda chifukwa apa ndi pamene inchi ndi nanomita zimayandikana. Ndi inchi kuigawa ka 1,000,000, ndiye ndi 25.4 nm ndendende. Amaigwiritsa ntchito ponena kusalala kwa chitsulo chokungidwa pa makina, muyeso wotchedwa Ra, mwachitsanzo Ra 32 microinch ndi 812.8 nm, imene pa zojambula za metric amangolemba 0.8 micrometer. Choopsa apa ndi kuona chizindikiro cha µ nkuganiza micrometer pomwe cholembedwa ndi µin.

Kwa amene akufuna malo osati utali, nambala ija iyenera kudzitaimusa yokha. Sikweya inchi imodzi ndi 6.4516 × 10^14 nm², osati 2.54 × 10^7, ndipo kyubiki inchi ndi pafupifupi 1.6387 × 10^22 nm³.

Komanso si inchi iliyonse yolembedwa pa katundu imene ili muyeso, ina ndi dzina chabe la saizi. Paipi ya chitsulo imene timati ya hafu inchi kunja kwake ndi pafupifupi mamilimita 21.3, osati 12.7, ndipo ma silicon wafer opangira ma chip a kompyuta amene amati a 8 inchi ndi mamilimita 200 osati 203.2, a 12 inchi ndi 300. Mukataimusa dzina ndi 25,400,000 masamu akhala olondola koma chinthucho sichili choncho.

Zithunzi za pa microscope zikamanena mainchi

A biology ndi a zaumoyo nanu vuto lomweli limakupezani m'njira ina. Mwajambula maselo pa microscope, mwatsegula chithunzi mu pulogalamu ya ImageJ, mwakoka mzere, ikukuuzani kuti selo ndi mainchi 0.4, inu nkutaimusa ndi 25,400,000 nkupeza ma nanomita opitirira 10,000,000, kutanthauza selo lalikulu kuposa sentimita. Mainchi amenewo si a selolo, achokera ku dpi, madontho pa inchi, imene kamera kapena foni inasunga mu fayilo, imene imangonena kuti chithunzicho chingakule bwanji chitasindikizidwa papepala. Pa 300 dpi pikisolo imodzi ndi pafupifupi 84,667 nm za papepala, zilibe chochita ndi zimene zinali pa slide. Apa kusintha mayuniti sikungathandize ngakhale pang'ono. Jambulani stage micrometer, kagalasi kokhala ndi sikelo ya utali wodziwika, ndi lens yomweyo komanso zoom yomweyo, kokani mzere pa utali wodziwika, pitani ku Analyze kenako Set Scale mulembe utali weniweniwo, ndipo mukasintha lens muyambirenso.

Maziro ambiri si kulondola

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pamene ngakhale ophunzira akhama amagwa. Munthu wayeza waya ndi rula ya mainchi wapeza 1/16, wasintha kukhala 0.0625, wataimusa wapeza 1,587,500 nm, ndipo walemba choncho mu lipoti ngati kuti akudziwa kukhuthala kwa wayayo mpaka pa nanomita. Zili ngati kuyeza chimanga ndi ndowa kenako nkulengeza kuti mulimo njere zingati. Rula ija singasiyanitse ngakhale ma nanomita 500,000. Micrometer screw gauge ya mainchi, chipangizo choyezera kukhuthala, imawerenga 0.001 ya inchi, imene ndi 25,400 nm, ndipo yokhala ndi vernier imafika 0.0001, imene ndi 2,540 nm, kuposabe wavelength ya sodium kanayi. Nambala ya 25,400,000 ndiyo ilibe chikaiko, koma muyeso wanu uli nacho, ndipo chikaikocho chimataimusidwanso limodzi. Ndiye ngati mwayeza 0.125 ± 0.001 inchi lembani 3.175 × 10^6 nm ndi chikaiko cha 0.025 × 10^6 nm, osangondandalika maziro. Kudula nambala kuchitike kumapeto kokha, pakati pa masamu siyani kalukuleta isunge zonse.

Kutentha nakonso kumalowererapo mukafika pa miyeso yaing'ono chonchi. Miyeso ya utali m'mafakitale imatengedwa kuti ndi ya pa 20 °C, ndipo chitsulo chimafutukuka pafupifupi magawo 11 kapena 12 pa 1,000,000 pa digiri iliyonse, kutanthauza kuti kachitsulo ka inchi imodzi kamatalika pafupifupi 290 nm kutentha kukakwera ndi digiri imodzi yokha. Ndiye labu yopanda choziziritsa masana a Okutobala ili pa 32 °C, kachitsulo komweko katalika kale ndi ma nanomita opitirira 3,000, musanakagwirenso ndi dzanja lanu lofunda. Pa pulakatiko ya kalasi izi sizisokoneza kwenikweni, koma zikuonetsa kuti manambala akumapeto aja ndi opanda tanthauzo ngati simunalembe kutentha.

Mwina mukumananso ndi buku lakale lonena kuti mita ndi mainchi 39.37. Imeneyo ndi inchi yakale ya ku America, imene oyeza malo kumeneko anaisungabe mu survey foot mpaka kumapeto kwa 2022. Mukaigwiritsa ntchito inchi imatuluka 25,400,051 nm, kusiyana kwa 51 nm pa inchi yonse. Singakuonongereni ansala ya sodium, koma ngati kalukuleta ikukupatsani 51 wodabwitsa kumapeto, gwero lake ndi limeneli.

Musanapereke lipoti

Khalani ndi miyeso ingapo m'mutu yoyerekezera. Kuwala kumene diso limaona kuli pakati pa 400 ndi 700 nm mongoyerekeza, laser yofiira ya helium-neon ndi 632.8, ka laser pointer kobiriwira ndi 532, mzere wobiriwira wa mercury ndi 546.1. Tsitsi la munthu kukhuthala kwake ndi ma nanomita masauzande makumi angapo mpaka cha m'ma 100,000, pepala lolembera nalo cha m'ma 100,000, DNA mulifupi mwake ndi pafupifupi 2 nm. Ngati mwaona kuwalako ndi maso anu kuti ndi kwachikasu koma pepala likuti 1,691, khulupirirani maso anu, 1,691 ndi infrared simukanaiona.

Nanga zonsezi mwaziona, maziro ali bwino, kalukuleta ili mu D, 2.54 simunaidule, koma ansala ikuphonyabe ndi ma nanomita 10 kapena 15? Pamenepo tsopano bwererani ku chipangizo. Onani ngati angle ya kumanzere ikufanana ndi ya kumanja, zikasiyana kwambiri ndiye kuti grating sinayang'anizane bwino ndi kuwala kochoka mu collimator, kachubu kamene kuwala kwa nyale kumadutsamo, ikonzeni muyezenso mbali zonse ziwiri. Zikafanana koma ansala osasintha, kaikirani cholembedwa pa kagalasiko, chifukwa ma grating otchipa ambiri amakhala okopera pa pulasitiki ndipo nambala imene amadindapo imakhala yozungulira, nthawi zina chikalata chinamatuka wina nkumata cha grating ina. Tembenuzani masamu, tengani sodium ngati yodziwika, 589.3 nm, mugawe ndi sin ya angle imene mwayeza kuti mupeze d yeniyeni, kenako 25,400,000 mugawe ndi d imeneyo mupeze mizere pa inchi. Ikatuluka cha m'ma 15,240 ndiye kuti mwagwira wa 600 pa milimita. Ikatuluka nambala ina, bwerezani ndi mzere wachiwiri wa n = 2 kuti mutsimikize, ndipo d imene mwapezayo ndi imene mugwiritse ntchito pa nyale zina zonse za tsiku limenelo, muilembenso pa kapepala muike m'bokosi la grating yomweyo ndi deti lake kuti a labu aione.